Kabala kang'ono pamsana, ulendo wautali kuchokera ku Lifidzi

M'zipatala zazikulu za kunja, dokotala amafika pa mafupa a m'chiuno kudzera pa kabowo kosakwana sentimita imodzi, wodwala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Kwa mlimi wa ku Angónia, amene banja lake limadya za msana wake, nkhani yagona pa zimene ziyenera kuchitika mpeni usanatengedwe n'komwe.

Anamwino a ku Angónia mphini amazidziwa. Akabwera munthu wamkulu akutsimphina, dzanja lili m'chiuno, n'kumuuza kuti akweze malaya, nthawi zambiri pamsana pamaoneka timizere takuda tondondozana uku ndi uku. Tina n'takalekale, tayamba kufufutika. Tina n'tadzana, tikadali ndi mwaye wa mankhwala. Timizere timeneti timaulula zimene wodwala sanena: msanawo unayamba kale, ndipo kuchipatala si kumene anayambira.

Lifidzi ili pamtunda wozizira wa Angónia, ku Mozambique, chakufupi ndi phiri la Domwe, kumene ansembe Achijezwiti anakhazikitsa mishoni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Dera lonseli limatchuka ndi chimanga, nyemba, mbatatesi ndi fodya, ndipo mbewu zonsezi zimadzera pamsana wa munthu. Mizere amaunga ndi khasu, chiweramire kuyambira mbandakucha. Thumba la feteleza ndi makilogalamu 50, ndipo la mbatatesi, lija amalisokerera pamwamba kuti lisefukire, limaposa pamenepo. Amayi amachoka kudimba mtolo uli pamutu, mwana ali kumbuyo. Wofika zaka 40 asanadandaulepo msana anzake amamuyesa wamwayi.

Vutoli si la kuno kokha. Kafukufuku wamkulu wa matenda padziko lonse, amene anatuluka mu 2023, anapeza kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana. Chatsopano n'chakuti mafoni afika m'midzi, ndipo pa Facebook ndi pa WhatsApp pakuyenda timakanema totsatsa zipatala za ku India ndi ku South Africa: munthu amene dzulo samatha kuyenda lero akumwetulira, pamsana pali kabandeji kamodzi. Wachibale wa ku Joni amatumiza kakanemako n'kufunsa ngati banja lingasonkhe ndalama. Banja lisanagulitse ng'ombe, liyenera kudziwa chimene opaleshoni imeneyi ingathe ndi chimene singathe.

Zimene zili m'chiuno

M'munsi mwa msana muli mafupa asanu osanjikizana, amene madokotala amawawerenga kuchokera pamwamba, L1 mpaka L5. Pansi pawo pali fupa lophwatalala lolumikiza msana ndi chiuno, limene chigawo chake choyamba ndi S1. Pakati pa fupa ndi fupa pali disiki. Ntchito yake ndi ya nkhata: monga nkhata imakhala pakati pa mutu ndi mtsuko kuti kulemera kusapweteke liwombo, disiki imalandira katundu wa thupi kuti mafupa asakhulane. Kunja kwake n'kolimba, m'kati mwake n'mofewa.

Disiki ikatopa, kunja kuja kumang'aluka, zam'kati n'kutumphukira kumbuyo, kumene kumadutsa mitsempha yopita kumiyendo. Mtsempha ukapanikizika n'kutupa, ululu umachoka m'chiuno, kudzera m'thako, kutsika kuseri kwa ntchafu mpaka kukatumba kapena kuchala chachikulu cha phazi. Kutsokomola kumabaya, kuyetsemula kumabaya. Ena phazi limachita dzanzi, ena limalefuka moti patapata amangovuka m'njira osadziwa. Ambiri amati ndi nyamakazi n'kutemera mphini pamwendo, chonsecho gwero lili kumtunda. Mwa anthu 10 a vutoli, 9 limawagwira pa madisiki awiri apansi penipeni, pakati pa L4 ndi L5 kapena pakati pa L5 ndi S1, chifukwa ndi pamene pamatsamira kulemera konse munthu akawerama.

Mtsempha waukulu wochokera ku ubongo sufika m'chiuno. Mwa munthu wamkulu umathera cha pa L1 kapena L2. Kutsika m'munsi muli timitsempha tambirimbiri toyandama m'madzi, m'kathumba kotchingidwa ndi mafupa. N'chifukwa chake singano ingalowe m'munsi mwa msana popanda kulasa mtsempha waukulu uja.

Singano imene amayi akuidziwa kale

Njira yaing'ono kuposa zonse yolowera m'munsi mwa msana inafika kale m'zipatala za maboma ngati cha ku Ulongwe, ndipo amene amaidziwa bwino ndi amayi. Mayi akavutika pochira n'kufunika opaleshoni, nthawi zambiri samugoneka tulo. Amamukhazika tsonga, amamuuza kuti apinde msana, n'kumubaya jakisoni pakati pa mafupa a m'chiuno. Miyendo imafa dzanzi, mwana amatuluka mayi ali maso, ndipo kulira kwake koyamba amadzimvera yekha.

Luso limeneli ndi lakale. Heinrich Quincke anayamba kutunga madzi a pamsana ndi singano mu 1891 ku Kiel, m'dziko la Germany, ndipo mu 1898 August Bier, mumzinda womwewo, anachita opaleshoni atabaya mankhwala a dzanzi pamsana. Ku Mozambique, ochita opaleshoni m'maboma kawirikawiri sakhala madokotala a digiri. Dziko litalandira ufulu mu 1975 madokotala ambiri Achipwitikizi anachoka, ndipo kuyambira mu 1984 boma linayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia kuti atseke dzenjelo. Kafukufuku wa mu 2007 anasonyeza kuti m'zipatala za maboma, pa opaleshoni 10 zilizonse zazikulu za uchembere, 9 ankachita ndi iwowa, ndiponso kuti patapita zaka ankakhalabe kumidzi pamene madokotala anali atathamangira kumizinda. Ku Malawi nako, kuyambira mu 1985, ma clinical officer a za mafupa ndiwo asenza ntchito ya othyoka ndi olumala m'maboma.

Komabe singano ya pamsana imaopedwa. Ku Malawi, ku Zambia ndi kuno komwe, mawu akuti “akufuna amuchotse madzi a pamsana” ndi okwanira kuti abale amukane wodwala wawo m'manja mwa achipatala. Manthawa sanachokere pachabe. M'zaka zimene Edzi inkapulula anthu ma ARV asanabwere, amene ankatungidwa madziwo ambiri anali odwala matenda oumitsa khosi, ofika mochedwa, ndipo ankamwalira masiku otsatira. Anthu anaona singano, anaona maliro, n'kulumikiza ziwirizo, pamene chimene chinapha chinali nthenda. Palinso mantha ena amene abambo sawatchula pagulu, akuti msana ukakhudzidwa ndi mpeni mphamvu za m'nyumba zimatha. Wofuna kuthandiza anthu a msana kuno ayenera kuyamba wakhala pansi n'kuyankha mantha awiriwa bwinobwino.

Kuchokera pa chilonda chachitali

Mu 1934 William Mixter ndi Joseph Barr a ku Boston anasonyeza kuti ululu wotsika mwendo umachokera pa disiki yotumphuka, ndipo ungathe ndi opaleshoni. Nthawi imeneyo dokotala ankang'amba chilonda chachitali pakati pa msana, n'kusenda minofu kuichotsa pamafupa, n'kuikokera pambali ndi zitsulo, kenako n'kubenthula fupa kuti aone mtsempha. Chochotsedwacho chinali kanthu ka magalamu ochepa, koma njira yokafikira inkasiya bwinja. Minofu yosendedwa sibwerera mwakale. Ina imafota, ina imasanduka chipsera. Munthu wa muofesi angapirire nazo, koma kwa wa khasu minofu imeneyi ndiyo imamuweramutsa pamzere.

Kuyambira pamenepo nzeru zinapita pa kuchepetsa kuwononga kwa panjira. Mu 1968 Leon Wiltse wa ku California anafotokoza za njira yodzera pambali pang'ono pa fupa la msana, yopatula minofu m'malo moisenda. Mu 1977 Gazi Yaşargil ku Zürich ndi Wolfhard Caspar ku Germany, aliyense payekha, anafalitsa njira yochotsa disiki akuyang'ana pa maikulosikopu, ndipo chilonda chinachepa kufika masentimita atatu kapena anayi. Mpaka lero njira iliyonse yatsopano imayesedwa poiyerekeza ndi imeneyi.

Ena anayesa kupeweratu mpeni. Mu 1964 Lyman Smith wa ku America analengeza za mankhwala ochokera mu utomoni wa papaya, amene akabayidwa mu disiki ankasungunula zam'kati zija. Anatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1980, koma odwala ena thupi linkawakana moopsa, ochepa anapuwala nawo, ndipo pofika 2003 anasiya kugulitsidwa ku America. Ku Japan, mu 1975, Sadahisa Hijikata analowetsa kapaipi kuchokera cham'mbali n'kumatapa disiki pang'onopang'ono. Parviz Kambin, wobadwira ku Iran koma wogwira ntchito ku Philadelphia, anafotokoza kampata ka ngodya zitatu pambali pa disiki, m'munsi mwa mtsempha wotuluka, pamene chipangizo chingadutse osavulaza kanthu, ndipo kampatako mpaka pano kamadziwika ndi dzina lake. Mu 1997 Kevin Foley ndi Maurice Smith a ku Memphis anabweretsa mapaipi olowetsana amene lero ali m'zipatala zambiri.

Makomo anayi

Khomo loyamba ndi la kumbuyo. Dokotala amacheka khungu masentimita awiri, n'kulowetsa kapaipi kowonda, pamwamba pake kena kokulirapo, kenako kena, mpaka minofu itapatuka yokha osadulidwa. Paipi yomaliza, ya mamilimita 16 mpaka 22, ndiyo imatsala. M'menemo amasuzumira ndi maikulosikopu, amakankhira mtsempha pambali pang'ono, n'kutola chidutswa cha disiki chimene chimaupana.

Lachiwiri ndi la Kambin lija, cham'mbali, masentimita 10 kapena kuposerapo kuchokera pakati pa msana. Apa pamalowa endosikopu, kachipangizo ka mamilimita 7 kapena 8 kokhala ndi kamera, nyale, njira ya madzi otsuka ndi mpata wodutsa kapanira. Dokotala amaona zonse pa sikirini. Wodwala angathe kukhala maso atangobayidwa mankhwala a dzanzi, ndipo chipangizo chikakhudza mtsempha amanena yekha. Pa disiki ya L5 ndi S1 fupa la chiuno nthawi zina limatchinga njirayi, choncho endosikopu amailowetsera kumbuyo, pa mpata wa pakati pa mafupa.

Lachitatu ndi la m'mbali, pakati pa nthiti ndi chiuno, limene Luiz Pimenta wa ku São Paulo analitchukitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Wodwala amagona chammbali, dokotala n'kudzera kuseri kwa matumbo kupyola mnofu wotchedwa psoas. M'mnofu umenewu mumadutsa mitsempha ya ntchafu, motero pamafunika makina ochenjeza chipangizo chikaiyandikira, ndipo ena amadzuka ntchafu ili dzanzi kapena yofooka kwa masabata angapo. Lachinayi ndi la kumimba, m'munsi mwa mchombo, kukankhira matumbo pambali mpaka kufika pa disiki kuchokera kutsogolo. Pamenepa pamadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndipo mwa abambo ochepa timitsempha tina timasokonezeka moti umuna umabwerera m'chikhodzodzo. Pakhomo ili mantha a abambo aja ali ndi pogwira, ndipo dokotala wachilungamo amanena zimenezi opaleshoni isanachitike. Makomo awiri omalizawa ndi a ntchito yolumikiza mafupa: disiki yonse imachotsedwa, m'malo mwake n'kuikamo kachipangizo, ndipo kawirikawiri amawonjezera masikuluwu olowa kudzera pa timabowo ta pakhungu.

Kabala kakachepa, makina amachuluka. Pamene diso silikuona, dokotala amadalira chithunzi cha MRI chojambulidwa kale, chosonyeza disiki yeniyeni ndi mbali yake, komanso makina a X-ray oyenda amene amajambula mobwerezabwereza opaleshoni ili m'kati. Popanda amenewa n'kosavuta kutsegula pa fupa lolakwika. Pamafunika magetsi osazima, zipangizo zodula zimene zina amagwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, katswiri wokonza makina akafa, ndi dokotala amene wachita opaleshoni zambiri akuyang'aniridwa ndi mnzake wozolowera. Ngozi zake ndi zomwe zija za opaleshoni yotsegula: kathumba ka madzi kangabooke, mtsempha ungavulale, bala lingalowe tizilombo, ndipo mwa odwala ena disiki imadzatumphukanso pamalo omwewo.

Zimene kafukufuku wapeza

Dziko la Netherlands lachita kafukufuku wosamala kwambiri pa nkhaniyi. Mu 2009 anayerekeza njira ya paipi ndi ya maikulosikopu pa odwala 328, ndipo patatha chaka ya paipi sinapose inzakeyo. Mu 2022 anayerekeza endosikopu ndi njira yotsegula pa kafukufuku wa odwala 613. Ululu wa mwendo unatha mofanana, koma a endosikopu anataya magazi ochepa ndipo pafupifupi onse anatuluka tsiku lomwelo. Phindu la kabala kang'ono lili m'masiku ndi m'masabata oyambirira: kudzuka msanga, kugona m'chipatala nthawi yochepa, bala losavuta kusamala. Kwa banja limene mdikiri wa wodwala amagona pakhonde la chipatala n'kumaphika pa mafuwa, masiku amenewo ndi ndalama zenizeni. Koma pakatha chaka, mwendo sudziwa kuti dokotala analowera khomo liti.

Kafukufuku wofunika kwambiri kwa mlimi wa ku Lifidzi ndi wa mu 2007, wa ku Netherlands komweko. Odwala 283 amene mwendo unawavuta kwa masabata 6 mpaka 12 anawagawa pawiri. Ena anachitidwa opaleshoni msanga, ena anapatsidwa mankhwala n'kudikira, opaleshoni n'kudzachitika pokhapokha zikakanika. A opaleshoni anapeza mpumulo msanga, koma patatha chaka magulu onse awiri anali atachira mofanana, ndipo oposa theka la odikira aja mpeni sanauone. Thupi limatha kumwa lokha chidutswa cha disiki chotumphukacho, ndipo zithunzi zojambulidwa patapita miyezi zimasonyeza kuti mwa odwala ambiri chimachepa kapena kutheratu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chithunzi nachonso chimatha kunamiza. Akatswiri atasonkhanitsa zithunzi za anthu opanda ululu uliwonse, anapeza mu 2015 kuti pafupifupi 30 mwa 100 a zaka 20 anali ndi disiki yotukumuka, ndipo mwa a zaka 80 anali oposa 80 mwa 100. Choncho munthu womva msana wokha, mwendo uli bwino, amene wauzidwa kuti chithunzi chaonetsa disiki yotha, asathamangire mpeni. Malangizo amene bungwe la WHO linatulutsa mu Disembala 2023 pa ululu wa msana wokhalitsa amatsindika kuphunzitsa wodwala, masewera olimbitsa thupi, chithandizo cha mafizo ndi mankhwala wamba ochepetsa ululu. Kugona chigonere kwa masabata kumangowonjezera vuto.

Banja lofuna kusonkha ndalama lili ndi mafunso atatu oyenera kufunsa dokotala. Kodi chimene chili pachithunzi chikugwirizana ndi mwendo umene ukupweteka? Tikadikira miyezi iwiri kapena itatu chingaonongeke n'chiyani? Nanga bala likavuta titabwerera kumudzi, adzationa ndani?

Msana wa kuno uli ndi adani ena

Timakanema tija timanena za disiki, koma kuno chimene chimapundula anthu nthawi zambiri n'china. Mozambique ili m'gulu la mayiko amene WHO imawawerenga kuti ali ndi TB yochuluka, ndipo TB ikalowa m'mafupa, pafupifupi theka la odwala imawagwira msana. Percivall Pott wa ku London anafotokoza nthendayi mu 1779. Imayamba mwakachetechete: msana wopweteka usiku ngakhale munthu atagona, kutentha thupi, thukuta, kuonda. Fupa likadyeka limaphwanyika, pamsana n'kutuluka kanundu. Mafinya amatha kutsetsereka m'mnofu wa psoas mpaka kukatulukira m'mphechepeche, anthu n'kumati ndi chotupa wamba. Akachedwa, miyendo imafa.

Mu 1956 Arthur Hodgson ndi Francis Stock ku Hong Kong anayambitsa opaleshoni yaikulu yochotsa fupa lowola kudzera kutsogolo. Koma kafukufuku wa bungwe la Medical Research Council la ku Britain m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, amene mbali ina inachitikira ku Bulawayo, anapeza kuti odwala ambiri amachira ndi mankhwala okha, akuyenda. Mankhwala a TB ndi aulere ku Mozambique ndi ku Malawi, ndipo pa TB ya msana amamwedwa miyezi yosachepera 6, kawirikawiri 9 kapena 12. Mpeni umatsalira amene miyendo ikufooka kapena msana ukupindika.

Apa ndi pamene luso la kabowo kang'ono lingathandize anthu a kuno msanga, ndiponso pamtengo wotsika. Singano yolondoleredwa ndi makina a sikani, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera, ingathe kukoka mafinya m'mnofu wa psoas. Mafinyawo angayezedwe pa makina oyezera TB a GeneXpert, amene ali kale m'zipatala zambiri za maboma, ndipo yankho limatuluka m'maola ochepa. Wodwala amapumula ku chotupa, nthenda imadziwika, mankhwala amayambika, popanda MRI kapena endosikopu. Ntchito imeneyi técnico wophunzitsidwa bwino angaithe.

Pali adani enanso. Likodzo, limene ambiri amalidziwa ndi kukodza magazi, nthawi zina mazira ake amakafika m'munsi mwa mtsempha waukulu wa msana, wachinyamata n'kufooka miyendo m'masiku ochepa, ndipo akazindikira msanga mankhwala amathandiza. Khansa ya prostate mwa abambo ndi ya m'mawere mwa amayi imakonda kufalikira m'mafupa a msana. Ndiye pali ngozi: kugwa mumtengo wa mango, kugubuduka ndi ngolo, kugwa panjinga yamoto. Wothyoka msana akanyamulidwa chopinda pakabaza, ulendo womwewo ungamalize mtsempha umene ngozi inausiya. Ayenera kugonekedwa pachitseko kapena pathabwa, thupi lili chiwongokere.

Njira ya ku Tete, njira ya ku Dedza

Wodwala wa ku Lifidzi amayambira kwa wazaumoyo wa m'mudzi kapena pachipatala chaching'ono, kenako ku Ulongwe. Zikakanika amatumizidwa kuchipatala cha chigawo ku Tete, mtunda woposa makilomita 200, kutsika kuchoka kozizira kukalowa m'ng'anjo ya chigwa cha Zambezi, atakhala mopanikizana mu chapa (minibasi) pamene kukhala ndiko kumamupweteka. Madokotala a ubongo ndi msana ali m'zipatala zazikulu, makamaka ku Maputo, makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete. 

Njira ina ndi ya kum'mawa. Malire a Dedza ali pafupi, ndipo Lilongwe ili makilomita osakwana 100 kuchokera pamenepo. Anthu a Angónia njirayi anaizolowera kalekale. Nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992 ambiri anakhala zaka ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo mpaka lero maukwati, misika ndi maliro sizidziwa malire. Ku Lilongwe, pachipatala cha Kamuzu Central, mu 2023 anatsegula LION, chipatala cha mafupa ndi opaleshoni ya ubongo ndi msana chomangidwa ndi thandizo lochokera ku Norway ndi mabungwe ena, chimene chimaphunzitsanso madokotala. Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth chinalandira makina a MRI oyamba m'dziko la Malawi mu 2008, amene anabwera chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana. Koma nakonso mizere ndi yaitali, akatswiri ndi owerengeka, ndipo ntchito yawo yambiri ndi ya ovulala pangozi, ana otupa mitu ndi zotupa. M'mayiko onse awiri MRI ili m'mizinda ikuluikulu yokha.

Mu 2015 gulu la akatswiri a magazini ya zachipatala ya Lancet linawerengera kuti anthu 5 biliyoni padziko lapansi sangapeze opaleshoni yotetezeka ndi yotsika mtengo pa nthawi imene aifuna. Linati chipatala cha boma chiyesedwe ndi ntchito zitatu: opaleshoni ya uchembere, kutsegula pamimba, ndi kusamala fupa lothyoka lotulukira kunja. Endosikopu ya msana siili pamndandanda umenewu, ndipo palibe wanzeru amene angaigule chipinda cha opaleshoni chisanakhale ndi magazi, mpweya ndi magetsi odalirika.

Zizindikiro zosadikira mawa

Msana wambiri umapola wokha, koma pali zizindikiro zimene aliyense, kuyambira agogo a pakhomo mpaka sing'anga wa bungwe la asing'anga la AMETRAMO, ayenera kuzidziwa. Munthu wa msana akayamba kulephera kukodza kapena kudzikodzera osamva, akachita dzanzi kumaliseche ndi pakati pa matako, miyendo yonse iwiri ikayamba kufooka, ndiye kuti timitsempha tija ta m'munsi mwa msana tapanikizika tonse pamodzi. Apa pamafunika opaleshoni m'maola kapena tsiku limodzi, ndipo kukula kwa bala kulibe ntchito. Wochedwa angakhale ndi paipi ya mkodzo moyo wake wonse. Phazi limene likulefukalefuka, msana wobwera ndi kutentha thupi ndi kuonda, kanundu kotuluka pamsana, ululu wa usiku mwa munthu amene ali ndi HIV kapena anadwalapo khansa, msana wopweteka mwa mwana, zonsezi n'zofunika kuchipatala sabata yomweyo.

Chimene chingapulumutse miyendo yambiri ku Lifidzi ndi namwino amene amafunsa za mkodzo, amamuyendetsa wodwala pa zidendene ndi pa zala, amagogoda msana ndi kuyeza TB asanapereke paracetamol wachitatu. Chotsatira ndi técnico wa ku Ulongwe wodziwa kukoka mafinya ndi singano, wa mafizo wofika m'midzi kukaphunzitsa kanyamulidwe ka thumba ndi masewera olimbitsa chiuno, ndi foni yotumizira chithunzi cha X-ray kwa katswiri wa ku Tete, ku Beira kapena ku Lilongwe tsiku lomwelo. Mozambique ndi Malawi onse ali m'bungwe la COSECSA, lophunzitsa madokotala a opaleshoni m'chigawo chino cha Africa, motero poyambira mgwirizano palipo. Wodwala wa ku Angónia amalankhula Chichewa mbali zonse za malire, koma kalata yake imalembedwa m'Chipwitikizi uku ndi m'Chingerezi uko. Dongosolo lomveka lotumizirana odwala a msana amene sangadikire, lokhala ndi fomu imodzi yowerengeka konsekonse ndi nambala yoimbira usiku, lingatheke ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi mtengo wa makina amodzi a MRI, ndipo ndi limene akuluakulu a zaumoyo a ku Tete ndi ku Lilongwe ayenera kuyambira.